A Msaiwale Akonza Buku la Wakabudula

Munthu aliyense wa kwathu amene wakhalitsa kuno ku Perth ali ndi kanthu kena kamene kanadutsa m'manja mwa a Stephano Msaiwale. Wina ndi Baibulo lothothoka chikuto, wina buku la nyimbo, wina setifiketi ya ku sekondale imene inayamba kung'ambika m'mapindo. Umawapatsa chinthu chitatheratu, iwo n'kukubwezera chitasokedwa, m'mbali mwake mutadulidwa bwino, chitavala chikuto cholimba ngati chikopa cha ng'ombe. Salipiritsa. Ukawakakamiza amati udzawatengere chiponde ukadzapita kumudzi, ndipo ukaiwala sakukumbutsa.

Ine ndinawadziwa ndikuphunzira za unamwino. Ndinkagona m'chipinda chakumbuyo cha nyumba imene iwo ndi akazi awo, mayi Philomena, ankachita lendi ku Bentley. Nditayamba ntchito kuchipatala ku Murdoch ndinapeza pangapanga, koma Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkapitabe kukamwa nawo tiyi. Choncho zimene ndikunenazi zambiri ndinaziona ndi maso anga, zina anandiuza okha.

A Msaiwale ndi munthu wamfupi, wosapupuluma, wopisira malaya ngakhale pa Loweruka. Akaona wina akupinda ngodya ya tsamba kuti asaiwale pamene walekezera, nkhope yawo imasintha ngati wawaponda chala. Amagwira ntchito ku Welshpool, pa fakitale ina yosindikiza mabuku ndi zikalata. Iwo sasindikiza. Amakhala kumapeto kwa mzere, kumene mapepala amapindidwa, kusokedwa, kudulidwa ndi kumatidwa pulasitiki, kuja timati kulamineta. Anabwera m'zaka zimene migodi inkayenda bwino, pamene mafakitale a kuno ankasowa amisiri mpaka kukawafuna kunja. Lusolo anaphunzira kwa bambo awo, pa nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni ina m'boma la Dedza.

Chiphunzitso chawo n'chimodzi, ndipo anandiuzapo kambirimbiri. Kwathu buku limodzi limawerengedwa ndi kalasi yonse, kenako azing'ono awo, kenako mudzi woyandikana nawo. Adani ake ndi chiswe, mphemvu, denga lodontha ndi manja a ana. Ndiye mmisiri ayenera kulimanga ngati akumanga goli. "Pepala lamaliseche silifika patali," amatero. Kunyumba kwawo ngakhale kalendala ya mpingo ndi yolamineta.

Mayi Philomena amachapa zovala pa nyumba yosungira okalamba. Salankhula zambiri za zimene amafuna, koma aliyense wowadziwa ankadziwa kuti amafuna dothi lawolawo. Kuno ukamachita lendi sukumba pabwalo. Pakapita miyezi ingapo amabwera ejenti wa mwini nyumba, n'kuzungulira paliponse akujambula makoma, uvuni ndi kapinga. Ndiye mayiwo ankadzala mpiru, nkhwani ndi bonongwe m'zidebe, ndipo ankazisunthasuntha kuti kapinga wa eni ake asachite chikasu. Munthu amene kwawo ku Linthipe ankalima dimba loti sungalizungulire usanatope, kuno ankanyamula munda wake m'manja. Anali atasamukapo kangapo, nthawi zonse chifukwa mwini nyumba waganiza zogulitsa. Mitengo ya nyumba inkathamanga kuposa malipiro awo, ndipo a banki sakonda kubwereketsa munthu wa imvi.

Chaka chathachi nkhani ija inabweranso. Mwini nyumba ya ku Bentley anatumiza uthenga kuti akuigulitsa, ndipo lendi ikatha asamuke. Anayamba kulongedza. Mwana wawo Consolata, amene anakulira kuno ndipo ukamulankhula m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi cha m'mphuno, anabwera kudzathandiza ndi mwamuna wake Jeff Mutale, wa ku Lusaka, wokonza makompyuta. Ndi Jeff amene anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, n'kufunsa ngati ili yotaya.

Sutikesiyo inali ya malemu bambo a a Msaiwale. M'kati munali kolona, zida zakale zosokera mabuku, ndipo pansi penipeni, pakati pa matabwa awiri opyapyala omangidwa ndi chingwe, panali kabuku ka zithunzi. Azungu amati komiki. Pachikuto panali chimunthu cha minofu, chovala zachikasu zothina thupi lonse, kabudula wakuda pamwamba pa buluku, chitachirikiza mlatho wothyoka ndi phewa pamene sitima ikudutsa pamwamba. Dzina lake lachingerezi ine ndimaliiwala. Kwa a Msaiwale ankangomuti Wakabudula.

Mbiri ya kabukuko a Msaiwale ankaidziwa mbali ya kwathu yokha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku mishoni kuja kunabwera bulaza wina, mmishonale wa ku Canada, kudzayendetsa makina osindikizira. Anali mnyamata ndithu, ndipo m'katundu wake munali kabuku kameneka, mwina kotsala pa ubwana wake. Anagwira ntchito ndi bambo a a Msaiwale zaka zambiri. Pobwerera kwawo atadwala, anawasiyira sutikesi ndi zonse zinali m'katimo. Bambo a a Msaiwalewo anali munthu wa mapemphero, ndipo munthu wamkulu wovala kabudula pamwamba pa buluku sanamuone ngati chitsanzo chabwino kwa ana. Koma mphatso sataya. Anakapanikiza pakati pa matabwa, n'kuikapo masamba a fodya othamangitsa tizilombo, n'kuletsa aliyense kukagwira. A Msaiwale anakaona kamodzi ali mwana, kachiwiri pa maliro a bambo awo. Chiletso chija chinawalowa m'magazi moti pa mabuku onse a m'nyumba mwawo, kameneka kokha ndi kamene sanakakonzepo.

Mbali inayo anatiuza ndi Jeff, atafufuza pa foni yake ali chiimire. Kabukuko kanasindikizidwa ku America nkhondo ili m'kati, pa pepala lotchipa ngati la nyuzi, kuti ana awerenge n'kutaya. Ambiri anatayadi. Ena anasonkhanitsidwa pamodzi ndi mapepala akale kuti akathandize pa nkhondo. Kampani yake sinakhalitse. Ndiye kope loyamba la Wakabudula latsala m'manja mwa anthu owerengeka padziko lonse, ndipo alipo anthu olemera amene amalimbirana zinthu zoterezi.

Jeff anakajambula mbali zonse n'kutumiza zithunzi kwa mayi wina wa mumzinda amene amagula ndi kugulitsa mabuku otere. Mayiyo anaimba tsiku lomwelo. Anati ngati kalidi kenikeni, ndipo kali mmene kakuonekera pa zithunzipo, mtengo wake ungagule nyumba. Osati ya kunyanja kumene kumakhala madokotala, koma nyumba ndithu, ya bwalo lake kumbuyo. Mayiyo anali pa ulendo, choncho anapangana kuti akumane Loweruka la sabata inayo.

Mayi Philomena atamva anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Koma madzulo ake, a Msaiwale anandiuza, anawapeza ataima pabwalo akuyang'ana zidebe zawo, akuyeza ndi maso kuti mizere ingakhale ingati.

Jeff pochoka anabwezera kabuku pakati pa matabwa paja, n'kunena m'Chinyanja chake cha ku Lusaka: "Adadi, iyi buku muisiye chabe mwamene ilili. Osaigwira, osaichita chilichonse. Tizaipeleka so."

A Msaiwale anamuthokoza, ndipo anamumva bwinobwino. Kungoti anamumva monga mpongozi amamvera mkamwini. Mkamwini wabwino akakupeza ukunyamula thumba amati siyani, ndinyamula ndine. Akabwera kudzacheza amati musavutike ndi kuphika. Ndani anasiyapo kuphika chifukwa mlendo wanena zimenezo? Iwo anaona kuti mwanayu ndi waulemu, sakufuna kuwatuma ntchito, basi.

Ndipo kabukuko, kunena zoona, kanali komvetsa chisoni kwa munthu wa ntchito yawo. Timawaya tiwiri tomangira pakati tinali titachita dzimbiri. M'mbali mwa masamba munali mutafiira ngati tiyi. Ngodya imodzi inali yobenthuka, msana unayamba kung'ambika chakumunsi, ndipo kabudula wakuda uja anali atatuwa m'malo ena. Anakayala patebulo, iwo ndi akazi awo n'kumakayang'ana.

"Ndiye mukapita nako kwa anthu kali chonchi?" anafunsa mayi Philomena.

"N'zimene akunena anawa."

"Anawa sadziwa manyazi. Mzimayiyo akafunsa kuti bambo mumagwira ntchito yanji, mukati ndimakonza mabuku. Akakuonani bwanji? Ngakhale njinga yogulitsa amayamba aipukuta."

Mawu amenewa anagwera pa nthaka yolimalima kale. A Msaiwale anali asanaperekepo kwa munthu buku losakonza, ndiye akayambire pa buku la mtengo wa nyumba? Anaganiza kuti ngati lothaitha likugula nyumba yaing'ono, lokonzedwa bwino likhoza kuwonjezerapo chipinda. Chiletso cha bambo awo anachiganiziranso, koma anaona kuti mkuluyo ankaletsa ana kuseweretsa, osati mmisiri kugwira ntchito yake.

Anapempha bwana wawo kuti azigwiritsa ntchito makina pa nthawi yopuma masana, ndipo anawalola monga amachitira nthawi zonse. Ntchitoyo anaigwira sabata yathunthu, pang'onopang'ono, ndipo pondifotokozera ankaoneka kuti palibe ina imene anaigwirapo ndi mtima wonse chotero. Anazula timawaya tadzimbiri tija osang'amba pepala. Anasoka masamba ndi ulusi wolimba, pogwiritsa ntchito singano ya bambo awo ya m'sutikesi muja. Msana anaumata kansalu kopyapyala. Pamene utoto wakuda unatuwa anadzazapo ndi cholembera cha nsonga yaing'ono, mpaka Wakabudula anavalanso kabudula watsopano. Kenako anakaika pa makina odulira n'kusenga mbali zitatu, pang'ono pokha, kungochotsa kufiira kuja ndi ngodya yobenthuka. Pomaliza analamineta chikuto, kunja ndi m'kati, pa makina otentha amene amamata pulasitiki kuti ilowerere m'pepala.

Lachisanu ndinadutsako pochokera kuntchito ndipo anandionetsa. Kanali kokongola, ndisaname. Kankawala ngati kangotuluka kumene m'sitolo, m'mbali muli mosalala moti ukhoza kudzicheka. Ndinawayamikira, pakuti nanenso ndinakulira kumene buku labwino ndi lolimba. Anakakulunga m'pepala lakhaki n'kundiuza kuti ndisamuuze Jeff, akufuna akaone yekha kumeneko.

Loweruka ndinawatenga pa galimoto yanga, chifukwa Jeff ndi Consolata ankachokera mbali ina ya mzinda. A Msaiwale anavala suti ya ku ukwati wa mwana wawo. Mayi Philomena anavala chilundu chatsopano ndi duku lake. Sitoloyo inali pa nsanjika yachiwiri, yodzaza ndi zidole za anthu ouluka ndiponso anyamata a ndevu ovala makabudula. Mayi uja, wa tsitsi lalifupi la imvi, anatilowetsa m'kachipinda kamkati, n'kupukuta tebulo ngakhale linali loyera kale.

A Msaiwale anamasula pepala lakhaki lija ndi manja awiri, n'kukankhira kabuku patsogolo pake.

Mayiyo sanakagwire msanga. Anakayang'ana, n'kutulutsa foni yake, kuyang'ana zithunzi zimene Jeff anatumiza, n'kuyang'ananso patebulo. Jeff anakoka mpando n'kukhala pansi, apongozi ake ali chiimire, chinthu chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa mayiyo m'Chingerezi, motsitsa mawu.

"Ndine," anayankha a Msaiwale, akuwongola jekete. "Ndi ntchito yanga."

Mayiyo anafotokoza mofatsa, ngati mmene ife timafotokozera abale a wodwala. Anati anthu ogula mabuku amenewa safuna buku lokongola. Amafuna buku limene palibe analisintha chichokereni pa makina. Dzimbiri lija, kufiira kuja, ngodya yobenthuka ija, zonsezo ndi umboni wa zaka zake, ndipo amalipira umboniwo. Kudula m'mbali n'kuchotsa pepala limene silidzabwereranso. Kudzaza utoto, kwa iwo, kuli ngati kunama. Za pulasitiki sanamalize n'komwe, anangopukusa mutu. Anati alipobe ena amene angakagule chifukwa n'kosowa, koma pa mtengo wa galimoto yakale, osati wa nyumba.

A Msaiwale Chingerezi amachidziwa bwino, koma anaima ngati sakumva. Consolata anayesa kuwabwerezera m'Chichewa chake chothyokathyoka, ndipo aka kanali koyamba ine kumumva akuyesa. "Adadi, akuti munakonza kwambiri. Sanafune kuti mukonze."

Pakhoma la kachipindako panali mabuku ena a mtundu womwewo, lililonse lili m'kabokosi kake koonekera m'kati. A Msaiwale analoza.

"Awo alinso m'pulasitiki."

Mayiyo anavomera, koma anati pulasitiki imeneyo sikhudza pepala, ndipo ukaswa kabokosiko buku limatuluka mmene linalili.

"Ndiye amawerenga bwanji?"

"Sawerenga."

A Msaiwale anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mwambo wa mtundu wina ndipo sakufuna kuunyoza pamaso pa eni ake. Apa mayiyo anatsegula kabuku pakati, n'kuyendetsa chala pa ulusi. Anati sanaonepo kusoka kwaudongo chotere, ndipo ankaoneka kuti akunena zoona. Kenako anawafunsa, monga mmisiri, ngati pali njira iliyonse yochotsera pulasitikiyo, kaya ndi kutentha kaya ndi mankhwala, pepala osawonongeka.

Tonse tinawayang'ana. Ndikhulupirira kuti akananena kuti ayesa, mayi Philomena akanagona ndi chiyembekezo sabata ina. Koma a Msaiwale pa za ntchito yawo sanama.

"Ayi," anatero. "Ndikamata ine sizichoka."

Panja Jeff anafuna kulankhula. Anayamba kuti, "Koma adadi, ninakamba kuti..." ndipo Consolata anamugwira mkono. Anameza mawu ake, n'kutsanzika mwaulemu. Madzi akatayika saoleka, ndipo mkamwini sakalipira mpongozi pa msewu.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. A Msaiwale anakhala kutsogolo, kabuku kali pamiyendo, akusisita m'mbali mwake ndi chala chachikulu. Mayi Philomena anali kumbuyo, akuyang'ana nyumba za anthu pawindo. Ndinawamvera chisoni onse awiri, ndipo sindinadziwe woyamba kumumvera.

"Komabe," anatero a Msaiwale, osatembenuka, "mmene kalilimu kadzakhala zaka zambiri. Chiswe sichingakagwire. Ngakhale madzi."

"Kadzakhala m'nyumba ya yani?" anafunsa mayi Philomena.

Sanafunse mokalipa. Sanawakumbutse kuti anadula ndi iwo, ndipo a Msaiwale nawonso sanawakumbutse za njinga yogulitsa. Mpaka lero sindinamvepo wina wa iwo akuloza mnzake chala pa nkhaniyi.

Kabukuko sanagulitse. Jeff anawalangiza kuti alandire ndalama ya galimoto yakale ija, koma a Msaiwale anati kabuku kamene anthu sakafuna ndi mtima wonse kasapite. Sakakabisanso pakati pa matabwa. Kali pa shelefu pamodzi ndi mabuku a nyimbo, ndipo mlendo aliyense akhoza kukawerenga, ngakhale akumwa tiyi. Ine ndinakawerenga. Wakabudula amapulumutsa sitima, n'kumenya anthu oipa ovala zipewa, basi. Nkhani yake ndi yachibwana, monga ananenera malemu aja.

Anthu akubweretsabe Mabaibulo ndi masetifiketi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano a Msaiwale, asanaike buku pa makina odulira, amaimbira mwini wake kumufunsa ngati akufunadi kuti lidulidwe. Anthu amadabwa, chifukwa n'zimene anabweretsera.

Lendi ya ku Bentley itatha, anapeza fulati pa nsanjika yachiwiri chakufupi ndi Welshpool. Ilibe bwalo, ndipo pakhonde pake malamulo salola kuikapo zidebe. Zidebe zonse zinabwera kwanga, zili m'mbali mwa mpanda kuseri kwa nyumba. Ndinawapatsa mayi Philomena kiyi wa pachipata, ndinawauza kuti azingolowa nthawi iliyonse, ndilipo kaya ndilibe. Loweruka lililonse amakwera basi kudzathirira mpiru wawo. Kiyi uja ali naye m'chikwama, koma amaima pachipata n'kuodira, ndipo sadutsa mpaka wina atawayankha.